Maluwa a M'nyumba: Chala Chiyambe, Madzi Pambuyo

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE)

Lero tikambe za maluwa a m'nyumba, aja odzala m'miphika, m'zitini ndi m'zigubu zodula pakati, makamaka kwa inu amene mwangoyamba kumene kapena mukuganiza zoyamba.

Mukamayenda m'misewu ikuluikulu ya Lilongwe ndi Blantyre masiku ano, mumaona anyamata ndi amayi atandandalika maluwa m'machubu akuda m'mbali mwa msewu. Munthu akalandira malipiro, kapena akangolowa nyumba yatsopano, amaima n'kusankha duwa la masamba onyezimira, kukaliika pakona pabalaza pafupi ndi TV. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, masamba achita chikasu, tsinde lafewa, dothi likununkha. Ndiye mumamva mawu aja akuti, "Ine maluwa sandiyanja, ndilibe dzanja lake." Ena amaloza chala wogulitsa kuti anawapatsa lodwala kale.

Mfundo yanga lero ndi imodzi: maluwa ambiri a m'nyumba amafa ndi khama la mwiniwake. Ambirife tinakula ndi khasu ndi kheni. Tikudziwa kuti mpiru ndi repu kudimba zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo chimanga chimafuna feteleza wokulitsa ndi wobereketsa. Nzeru imeneyo ndi yoona kumunda, koma tikalowa nayo m'nyumba imapha. Kudimba kuli dzuwa tsiku lonse, kuli mphepo, ndipo madzi otsala amalowa pansi. Pabalaza dzuwa n'lochepa, mphepo kulibe, ndipo mumphika madzi alibe kothawira.

Tiyambe ndi madziwo, poti ndiwo amaliza maluwa ambiri.

Mizu imapuma mpweya. Pakati pa timibulu ta dothi pamakhala timipata, ndipo mizu imapeza mpweya m'timipata timeneti. Mukathirira lero, mawa n'kuthiriranso dothi lisanaume, timipata tonse timadzadza madzi, mizu imabanika, kenaka imayamba kuwola. Tsono imvani msampha wake. Mizu yowola siyamwa madzi, choncho masamba amafota ndi kugwetsa nkhope ngati duwa lili ndi ludzu. Mwiniwake akaona zimenezo amathamangira kapu ya madzi, n'kuwonjezera. Akuganiza kuti akulipulumutsa, pamene akulimaliza.

Chida chothetsera vutoli muli nacho kale, ndi chala chanu cha mkombaphala. Musanathirire, chilowetseni m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Chikatuluka chozizira, dothi litamatirira, bwezani kapuyo, tsiku lake silinafike. Chikatuluka chouma mbee, thirirani. Ndipo mukathirira, thirirani zenizeni, pang'onopang'ono kuzungulira mphika wonse, mpaka madzi atuluke kunsi. Kudontheza timadzi pamwamba tsiku lililonse kumangonyowetsa pamwambapo, mizu ya pansi osalawa kanthu.

Wina afunsa kuti, nanga tizithirira kangati pa sabata? Funso limeneli lilibe yankho limodzi. Duwa lomwelo, mumphika womwewo, m'mwezi wa Okutobala ku Salima kapena ku Mangochi likhoza kuuma m'masiku atatu. Mu Juni, chiperoni chitakuta Blantyre ndi Thyolo, kapena kuzizira kwa ku Dedza ndi Mzuzu, limatha sabata ziwiri dothi lidakali lonyowa. Mphika wa dothi umauma msanga chifukwa umapuma m'mbali, wa pulasitiki umasunga chinyezi. Kalendala sadziwa zonsezi, chala ndicho chimadziwa.

Chachiwiri pa madzi: mphika uliwonse ukhale ndi mabowo kunsi. Ngati mwadzala m'chigubu cha mafuta ophikira kapena m'ndowa yakale, otchani msomali pambaula, muboole mabowo angapo. Ena amati bola kuika miyala pansi. Miyala popanda bowo sithandiza, madzi amangodikha pamenepo kudikira mizu. Ngati mwagula mphika wokongola wopanda bowo, dzalani duwa m'kachigubu koboola, mulowetse kachigubuko mumphika wokongolawo. Pothirira muzikatulutsa, kakhe, n'kukabwezera.

Kambale kamene mumaika kunsi kwa mphika musakasiye ndi madzi. Pakatha theka la ola, tayani. Udzudzu umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo kukatentha sabata imodzi ndi masiku owerengeka imakwana kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Chimodzimodzi inu amene mumasunga duwa lotchedwa money plant m'botolo la madzi, sinthani madziwo sabata iliyonse.

Madzi amvula ndiwo abwino koposa, ndipo dzinja likafika n'chanzeru kutchera ndowa. Apampopi alibe vuto kwa maluwa ambiri. Koma kumadera ena, monga ku Chikwawa ndi Nsanje, mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Mukaona zoyera zikuundana pamwamba pa dothi kapena pamlomo pa mphika, ndi mchere umenewo. Palani zoyerazo, ndipo mutsukuluze dothi ndi madzi amvula ambiri. Madzi otsukira ndiwo zamasamba kapena mpunga mukhoza kuthirira, koma ochapira zovala ndi otsukira mbale zamafuta ayi.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tibwere ku kuwala. Chakudya cha chomera ndi kuwala. Masamba amatenga kuwala, madzi ndi mpweya n'kupanga shuga amene chomera chimakulira. Duwa limene lili mumdima lili ndi njala, ngakhale mulithirire manyowa abwino chotani. Ndiponso limamwa madzi ochepa kwambiri, ndiye dothi silimauma, mizu n'kuwola. Mdima ndi madzi ochuluka zimayendera limodzi.

Maso athu amatinamiza. Chipinda chimene ife timati n'chowala, kwa chomera ndi madzulo. Nyumba zathu zambiri zili ndi mawindo ang'onoang'ono, khonde lotchinga, ndi makatani okhuthala amene sititsegula tsiku lonse. Yesani izi masana: ikani dzanja lanu pamwamba pa malo amene mukufuna kuikapo duwa. Chithunzithunzi cha dzanja chikaoneka bwino, zala zonse n'kuwerengeka, kuwala kulipo kokwanira. Chikaoneka mwachimbuuzi, pakhoza kukhala maluwa opirira okha. Chikapanda kuoneka, palibe duwa lamoyo limene lingakhalitse pamenepo.

Pano pali chenjezo kwa inu okonda kuonera malangizo pa YouTube ndi pa Facebook. Ambiri olankhula kumeneko ali ku America ndi ku Ulaya, ndipo amati windo loyang'ana kummwera ndilo lolandira dzuwa kwambiri. Kwawoko n'zoona. Ife tili kummwera kwa mzere wa ikweta. M'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi dzuwa lathu limapendekera kumpoto, ndiye windo la kumpoto ndilo limawala. Cha mu Disembala limadutsa pamutu, litapendekera pang'ono kummwera. Kwa woyamba kumene, windo la kummawa ndilo labwino, chifukwa dzuwa la m'mawa n'lofatsa. La kumadzulo chenjerani nalo m'chilimwe, dzuwa lake lodutsa pagalasi limawaula masamba. Abale athu amene akutimvera pa intaneti ku Britain, inu malangizo aja ndi anu, ndipo m'miyezi yachisanu, pamene usana ndi waufupi, chepetsani madzi kwambiri. A ku Johannesburg, usiku wa Juni ndi Julayi lowetsani m'nyumba maluwa a pakhonde, chisanu chingawawaule.

Duwa likamasowa kuwala limadziwitsa. Limatalika monyozoloka kulondola windo, masamba atsopano amatuluka ang'onoang'ono, ndipo amawangamawanga amasanduka obiriwira okhaokha. Lisendezeni kufupi ndi windo, ndipo muzitembenuza mphika pang'ono sabata iliyonse kuti lisapendekere mbali imodzi. Koma musalichotse mumdima n'kukaliika padzuwa la masana tsiku lomwelo, masamba adzapsa. Liyambe pamthunzi wa pakhonde. Chilimwe chikabweretsa fumbi, pukutani masamba ndi kansalu konyowa. Mafuta ophikira kapena mkaka zimene ena amapaka kuti masamba anyezimire zimagwira fumbi ndi kutseka timabowo topumira.

Tsono muyambe ndi maluwa ati? Sankhani opirira, amene amakhululuka mukalakwitsa.

Loyamba ndi limene ogulitsa amati ZZ, la masamba okhuthala, obiriwira kwambiri, onyezimira ngati opaka polishi, ondandana mbali ziwiri za phesi. Akatswiri amalitcha Zamioculcas zamiifolia. Ambiri amaliona m'mahotela ndi m'mabanki n'kumaganiza kuti ndi la kunja, pamene kwawo ndi kuno kummawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya, Tanzania, Malawi, Mozambique mpaka ku KwaZulu-Natal. Alimi a maluwa a ku Netherlands ndiwo anayamba kulichulukitsa kuti azigulitsa cha m'ma 1996, ndipo lero lili m'maofesi a dziko lonse. Pansi pa dothi lili ndi timbatata tosunga madzi, chifukwa linazolowera chilimwe chathu chomwechi. Mukhoza kupita kumudzi kwa sabata zitatu, mudzalipeza lili bwinobwino.

Lachiwiri ndi snake plant, la masamba aatali osongoka, oimirira chilili, ena okhala ndi mzere wachikasu m'mphepete. Kwawo ndi kumadzulo kwa Africa. Limapirira kuwala kochepa, ndipo mdani wake ndi madzi. Dothi liume lonse musanathirirenso, ndipo musathire madzi pakati pa masamba.

Lachitatu ndi spider plant, la masamba ang'onoang'ono aatali ngati udzu, a mzere woyera, lomwe limatulutsa tiana tolendewera. Nalonso ndi la kuno ku Africa, limamera lokha m'nkhalango za kummwera kuno. Lachinayi ndi money plant, loyanga, la masamba ooneka ngati mtima, lochokera kutali pachilumba cha Mo'orea m'nyanja ya Pacific. Limeneli ndi mphunzitsi wabwino kwa woyamba, chifukwa likamva ludzu limagwetsa masamba, mukalithirira limadzuka tsiku lomwelo. Alovera nayenso ndi wosavuta, koma iyeyu amafuna dzuwa, malo ake ndi pawindo lowala kapena pakhonde.

Pali ena amene ndi bwino kuyamba mwawasiya. African violet, kaduwa ka masamba aubweya ndi maluwa ofiirira, kanachokera kwa anansi athu ku Tanzania, m'mapiri a Usambara, kumene Mjeremani wina, Walter von Saint Paul-Illaire, anakatenga mu 1892 n'kutumiza mbewu zake kwawo. N'kokongola, koma madzi ozizira akagwera pamasamba amasiya mawanga, ndipo kamawola msanga. Kadikire mpaka mutazolowera. Ndipo musagule maluwa khumi tsiku limodzi. Awiri kapena atatu akwana, muwadziwe kaye.

(NYIMBO PANG'ONO)

Za dothi. Musakumbe dothi la makande kuseri kwa nyumba n'kudzadza mphika. Makande akanyowa amamata, akauma amalimba gwa n'kung'ambika, mizu sipuma. Sakanizani magawo awiri a dothi lakuda la pansi pa mitengo, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje wokhakhala, ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino. Tizidutswa ta makala totsalira pansi pa thumba tikhoza kulowamo, timathandiza kuti dothi lisagwirane. Kwa alovera, ZZ ndi snake plant onjezerani mchenga. Poyesa, nyowetsani pang'ono, mufumbate m'dzanja, n'kutambasula. Likamwazika mukaligunda ndi chala, lili bwino. Likakhala chibuma chosonyeza zala zanu, mchenga wachepa.

Mphika usakule kwambiri. Ambiri amaganiza kuti kambande kakaikidwa m'chimphika kakula msanga. Dothi lochuluka lopanda mizu limasunga madzi nthawi yaitali, ndipo tabwereranso ku vuto lija. Powokera kuchokera m'chubu, sankhani mphika wosiya mpata wa zala ziwiri kuzungulira. Mudzasinthe mizu ikayamba kutulukira kumabowo a kunsi.

Feteleza wa kumunda musamale naye. Yureya ndi wamphamvu, pa magawo 100 alionse magawo 46 ndi nayitirojeni. Kumunda mvula imamusungunula n'kumumwaza m'nthaka yaikulu. Mumphika alibe kopita, ndipo kasupuni kamodzi kakhoza kuotcha mizu, masamba n'kuuma m'mphepete. Zitosi za nkhuku zaziwisi nazo zimaotcha. Kadzanja kamodzi ka manyowa owolerana pamwamba pa dothi, mvula ikamayamba, n'kokwanira kwa maluwa ambiri. Duwa lodwala musalipatse feteleza, yambani mwapeza chimene chalidwalitsa.

Ngati lawola kale, mwina likhoza kupulumuka. Lizuleni mumphika, mugwedeze dothi, muone mizu. Yamoyo imakhala yolimba. Yowola imakhala yakuda, yoterera, yonunkha, ndipo imaduka mukangoikoka. Dulani yowola yonse ndi mpeni woyera, mudzale m'dothi latsopano, mudikire masiku angapo musanathirire.

Pogula, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tembenuzani masamba muone kunsi kwake, muonenso pamene tsamba lakumana ndi tsinde. Tinthu toyera ngati thonje ndi kodikodi, amene alimi a chinangwa amamudziwa bwino mtundu wake. Tizilombo tobiriwira kapena takuda tounjikana pansonga ndi nsabwe za m'masamba. Timadontho tachikasu ndi kaukonde kopyapyala ndi kangaude wofiira, yemwe amasautsanso alimi a tomato m'chilimwe. Nyerere zikamakwera ndi kutsika pa duwa, dziwani kuti pali china chikuzipatsa zotsekemera, fufuzani. Duwa latsopano likhale palokha sabata ziwiri lisanasakanikirane ndi anzake. Tizilombo tikapezeka, pukutani ndi kansalu koviika m'madzi a sopo wochepa, mutsuke ndi madzi oyera, mubwereze pakatha sabata. Mankhwala opopera thonje kapena tomato asalowe m'nyumba mogona ana.

Poti tatchula ana, pali chenjezo. Duwa lija la masamba akuluakulu amawanga oyera, lotchedwa Dieffenbachia, limapezeka m'makomo ambiri. M'madzi ake muli tinthu tosongoka tosaoneka ndi maso, ndipo mwana akatafuna tsamba, m'kamwa mumaotcha, lilime ndi milomo zimatupa. Money plant ndi ZZ nazonso zili ndi tinthu tomweti. Ngati m'nyumba muli mwana wokwawa kapena mphaka, maluwa otere akhale pamwamba posafikira. Mwana akatafuna n'kuyamba kutupa kapena kubanika, thamangirani naye kuchipatala.

Pali nkhani ziwiri zimene zimayenda pakati pathu. Ina imati maluwa amayeretsa mpweya wa m'nyumba. Gwero lake ndi kafukufuku wa bungwe la NASA wa mu 1989, koma anachitira m'mabokosi otseka. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Drexel ku America anaunikanso kafukufuku wa mtundu umenewu, n'kupeza kuti m'nyumba yeniyeni pangafunike maluwa ochuluka kwambiri, osachepera 10 pa sikweya mita iliyonse, kuti afanane ndi mpweya umene umalowa ndi kutuluka wokha. Tsegulani mawindo. Inayo imati maluwa kuchipinda amalanda mpweya usiku. Zoona, chomera chimapuma usiku, koma mpweya umene chimatenga ndi wochepa zedi poyerekeza ndi munthu amene mwagona naye chipinda chimodzi. Chimene chimapha anthu m'chipinda chotseka ndi mbaula ya makala, makamaka mu Juni ndi Julayi. Mphika wa duwa ulibe mlandu.

Nkhani yabwino kwa thumba lanu ndi yakuti maluwa ambiri amene ndatchulawa safuna ndalama. Pemphani kwa aneba. Money plant dulani kansinga kokhala ndi mfundo ziwiri kapena zitatu, mfundo imodzi imire m'madzi, mizu idzatuluka pamfundopo. Spider plant thothani kamwana, mukhazike pa dothi lonyowa. Alovera ndi snake plant zimatulutsa mphukira m'mbali, patulani ndi mizu yake. Tsamba la snake plant mukhozanso kulidula zidutswa, muzisiye ziume pabala tsiku limodzi kapena awiri, n'kuzizika mbali imene inali kunsi. Zimatenga nthawi, nthawi zina miyezi, musamazule kuti muone ngati zagwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene sitiyenera kuchita ndi kukazula maluwa m'mapiri ndi m'nkhalango zotetezedwa, monga ku Mulanje, ku Zomba kapena ku Nyika. Ambiri a kumeneko sakhala moyo mumphika, ndipo tikawazula timasaukitsa phiri. Ngati mukufuna kuona zomera zosiyanasiyana ndi kuphunzira mayina ake, pitani kumunda wa zomera wa ku Zomba, umene unayamba mu 1891, ndipo lero uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Ogulitsa a m'mbali mwa msewu nawonso ambiri amaidziwa ntchito yawo. Musangofunsa mtengo. Funsani kuti, "Achimwene, limeneli ndi la padzuwa kapena la pamthunzi? Mumalithirira bwanji?" Safunsa anadya phula.

Omvera, nthawi yatithera. Ntchito ya sabata ino ndi yochepa. Nyamulani mphika uliwonse muone ngati uli ndi bowo kunsi. Tayani madzi a m'timbale. Tsegulani makatani masana, ndipo duwa limene lili pakona ya mdima lisendere kuwindo. Ngati m'nyumba muli anthu ambiri, gwirizanani kuti wothirira akhale mmodzi, chifukwa nthawi zambiri mayi amathirira m'mawa, mwana masana, bambo madzulo, aliyense poganiza kuti mnzake waiwala. Ndipo duwa lina likafa ngakhale mwayesetsa, musalitaye msanga. Lizuleni, muone mizu, mudziwe chimene chalipha, kenaka mukapemphe mphukira ina kwa aneba.



(NYIMBO YOTSEKERA)